Mabatire awiri a 2S pa galimoto ya rimoti ya 1/8: series, parallel, kapena batire limodzi la 4S?

Wongoyamba

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya mabatire, chifukwa kabuku kamene kanabwera ndi galimoto yanga kangotchula malire a mavolti koma sikakunena njira imene ili yabwino. Galimotoyo ndi yoyendera rimoti, ya saizi ya 1/8 ya galimoto yeniyeni, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo ndimaiyendetsa pa dothi ndi pa udzu waufupi pongosangalala, osati pa mpikisano. Mota yake ndi ya brushless ya 2200KV, ndipo pa ESC (chipangizo cholamulira magetsi opita ku mota) palembedwa kuti imalandira mabatire a lithiamu otchedwa LiPo kuyambira 2S mpaka 4S, ndiko kuti a maselo awiri mpaka anayi. Zipinda zoikamo mabatire zilipo ziwiri, china kumanzere ndi china kumanja kwa shafti imene imadutsa pakati pa galimotoyo.

Ndili kale ndi mabatire awiri a 2S a 5000mAh, olembedwa 50C, a m'tizikwama tolimba, omwe ndinkagwiritsa ntchito pa galimoto yaing'ono ya 1/10. Onse awiri ndi a kampani imodzi, anagulidwa pamodzi, ndipo akhala akugwira ntchito mosinthanasinthana. Ndilinso ndi lina lakale la 2S la 4000mAh lomwe likugwirabe bwino.

Njira zomwe ndikuziona ndi zitatu. Yoyamba ndi kulumikiza mabatire awiriwo mwa series, ndiko kuti motsatizana, kuti mavolti aphatikizane n'kukhala 4S. Yachiwiri ndi kuwalumikiza mwa parallel, mawaya ofiira pamodzi ndi akuda pamodzi, kuti mavolti akhale omwewo koma ma mAh afike 10,000. Yachitatu ndi kugula batire limodzi latsopano la 3S kapena 4S. Mtima wanga ukupendekera ku parallel, chifukwa chimene ndikufuna kwambiri si liwiro koma kuyendetsa nthawi yaitali ndisanabwerere ku tchaja, ndipo ndikuganiza kuti 10,000mAh ingandipatse nthawi yowirikiza kawiri poyerekeza ndi 5000mAh. Kodi ndikuganiza bwino pamenepa? Komanso, kodi batire la 4000mAh lija lingathe kulowa m'malo mwa limodzi mwa awiriwo pamene linzake likutchajidwa?

MkonziWaMota

Achimwene, mabatire anu awiri a 5000mAh alumikizeni mwa series, ndipo la 4000mAh lija mulisungire galimoto yanu yaing'ono. Ndifotokoza chifukwa chake mwatsatanetsatane, popeza maganizo akuti parallel imawirikiza nthawi yoyendera amasokoneza anthu ambiri amene akungoyamba kumene.

Nambala ya mAh payokha siikuuzani kuchuluka kwa mphamvu zonse zimene batire lasunga. Kuti mudziwe zimenezo muyenera kuchulukitsa mavolti ndi ma Ah (1Ah ndi 1000mAh), ndipo yankho lake limatuluka mu ma Wh. Batire lanu limodzi lili ndi 7.4V ndi 5Ah, zomwe zikupereka 37Wh. Mukalumikiza awiri mwa parallel mumapeza 7.4V ndi 10Ah, kutanthauza 74Wh. Mukawalumikiza mwa series mumapeza 14.8V ndi 5Ah, ndipo mukachulukitsa mupezanso 74Wh yomweyo. Choncho mphamvu zimene galimoto yanyamula ndi zofanana ndendende m'njira ziwirizi, ndipo chimene chikusintha ndi mmene mota ikuzilandirira basi. Ngati galimoto yanu ikudya pafupifupi 300W nthawi yonse imene mukuiyendetsa, ndipo mukugwiritsa ntchito 80 peresenti yokha ya batire monga mmene ziyenera kukhalira, mudzayenda mphindi pafupifupi 12, kaya mwalumikiza mwa series kapena mwa parallel.

Tsopano tione mota yanu. Nambala ya KV imanena maulendo amene mota imazungulira pa mphindi imodzi pa volti iliyonse pamene sikukoka katundu. Mota ya 2200KV ikapatsidwa 7.4V imazungulira maulendo pafupifupi 16,280 pa mphindi, pa 11.1V imafika 24,420, ndipo pa 14.8V imafika 32,560. Amene anapanga galimoto ya 1/8 n'kuiikira mota ya KV yotsika chonchi anasankha magiya ake akuganizira za 4S. Mukaipatsa 2S idzayenda theka la liwiro lake, ndipo n'zoona kuti idzachedwa kutha moto, koma osati chifukwa cha 10,000mAh ija. Idzachedwa chifukwa chakuti ikuyenda pang'onopang'ono ndipo ikugwira ntchito yochepa. Zimenezi mungathe kuzipeza pa 4S popanda kusintha waya aliyense, pakuti marimoti ambiri amalola kuti munthu achepetse malire a throttle, ndiko kuti chowonjezera liwiro, kufika 50 kapena 70 peresenti.

Vuto lenileni la 2S pa galimoto yolemera chonchi limabwera pambuyo pake. Munthu akaona kuti galimoto ikuzengereza, amathamangira kuika pinion yaikulu, ndiko kuti giya ya pa shafti ya mota yokhala ndi mano ambiri, kuti liwiro libwerere. Akatero ndiye kuti mota ikuzungulira pang'onopang'ono koma ikukakamizidwa kukoka mwamphamvu, ndipo mphamvu yokokera ya mota imachokera ku ma amp. Tiyerekeze kuti ponyamuka galimoto ikufuna 600W. Pa 14.8V ikoka ma amp pafupifupi 40, pomwe pa 7.4V ikoka pafupifupi 81. Kutentha kwa m'mawaya, m'mapulagi ndi mu ESC sikukula molingana ndi ma amp, koma molingana ndi ma amp ochulukitsidwa ndi iwo eni, choncho ma amp akawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi. Kutentha konseko ndi mphamvu za m'batire zimene sizinafike ku matayala. N'chifukwa chake mavolti okwera pamodzi ndi pinion yaing'ono amapereka galimoto yozizira komanso yoyenda nthawi yaitali kusiyana ndi mavolti otsika pamodzi ndi pinion yaikulu.

Za batire la 4000mAh, musaliphatikize ndi la 5000mAh mwa series. Mu series ma amp omwewo amadutsa m'mabatire onse awiri, choncho zili ngati kumanga ng'ombe yaikulu ndi yaing'ono pa goli limodzi, pomwe yaing'onoyo imatopa inzake idakali ndi mphamvu. Pamene 4000mAh yatuluka, laling'ono latheratu koma lalikulu likadali ndi 1000mAh. ESC siiona batire lililonse palokha, imangoona mavolti onse pamodzi. Ngati yaikidwa kuti idule mphamvu pa 3.2V pa selo lililonse, idzadikira mpaka onse pamodzi atsike kufika 12.8V. Batire lalikulu likakhala pa 7.2V, laling'ono liyenera kutsika mpaka 5.6V ESC isanachitepo kanthu, ndipo pamenepo selo lililonse lili pa 2.8V, pansi pa 3.0V amene ndi malire oti selo la LiPo lisadutse. Selo lotsitsidwa chonchi limawonongeka mkati, limayamba kutupa, ndipo limakhala loopsa politchaja.

Kalumikizidwe ka series n'kosavuta. Waya wofiira wa batire loyamba apite ku waya wofiira wa ESC, waya wakuda wa batire loyambalo apite ku wofiira wa batire lachiwiri, ndipo wakuda wa lachiwiri apite ku wakuda wa ESC. Yang'anani kaye ESC yanu musanagule mawaya ena, chifukwa magalimoto ambiri a zipinda ziwiri amabwera ndi ESC yokhala ndi mapulagi awiri olumikizidwa kale mwa series.

MatayalaAnayi

Masamu amene achimwene apereka pamwambapa ndikugwirizana nawo onse, koma pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna kuwonjezera, ndipo palinso chimodzi chimene ndikusiyana nawo pang'ono.

Choyamba, parallel siili yopanda ntchito, kungoti si ya galimoto imeneyi. Imathandiza pamene mota ili ya KV yokwera, monga za 3500KV kapena 4000KV zimene zimapezeka m'magalimoto a 1/10, pomwe kuwonjezera mavolti kungazunguze mota kupitirira malire ake. Pamenepo njira yokhayo yowonjezera nthawi ndi kuwonjezera ma mAh, ndipo parallel ili ndi ubwino wina wakuti batire lililonse limapereka theka lokha la ma amp, choncho mavolti sagwa kwambiri galimoto ikamanyamuka. Aliyense amene angafune kuiyesa adziwe kuti mabatire awiriwo ayenera kukhala ndi maselo ofanana chiwerengero ndiponso mavolti ofanana asanalumikizidwe. Mukalumikiza lodzaza ndi lotha, lodzazalo limathira magetsi mu linzake popanda chilichonse chowachepetsa, ndipo ma amp amene amadutsa pa kanthawi kochepako amatha kusungunula pulagi. Batire la 2S ndi la 3S siziyenera kukumana mwa parallel ngakhale pang'ono.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi pakuti ine sindiona mabatire awiri a 2S ngati njira yoposa zonse, koma ngati njira yabwino kwa munthu amene ali nawo kale. Batire limodzi la 4S limakhala ndi maselo anayi amene anasankhidwa pamodzi kufakitale, amatchajidwa pamodzi, ndipo amakalamba pamodzi. Tchaja imawaona onse anayi kudzera pa pulagi imodzi ya balance, imene imaithandiza kufananitsa mavolti a maselowo, ndipo palibe mpata woti tsiku lina muiwale n'kuika batire lina lodzaza pamodzi ndi lina la theka. Mapulagi amachepanso, ndipo pulagi iliyonse imene yachotsedwa ndi malo amodzi ochepa otenthera kapena ochoka galimoto ikadumpha. Chovuta chake ndi kukula. Batire la 2S la chikwama cholimba limakhala pafupifupi mamilimita 139 m'litali, 47 m'lifupi ndi 25 kupita m'mwamba, pomwe la 4S la m'litali ndi m'lifupi momwemo limatalika kupita m'mwamba pafupifupi kuwirikiza kawiri. Pa galimoto ya zipinda ziwiri, kuika batire limodzi lalitali mbali imodzi kumapangitsa kuti ilemere mbali imodzi, izikhota mosiyana kumanzere ndi kumanja, ndiponso izipendekeka ikakhala m'malere. Choncho tengani rula muyeze zipinda zanu musanaganize zogula.

Chachiwiri n'chakuti 4S pa galimoto ya 1/8 ndi mphamvu zambiri kwa munthu amene wazolowera 1/10 ya 2S. Si magetsi okha amene amamva kusinthako. Magiya a mu diff (bokosi logawa mphamvu ku matayala), mashafti a ku matayala ndi matayala enieniwo, amene amafufuma akazungulira mothamanga kwambiri, zonsezi zimatha msanga dzanja likakhala lolemera. Batire la 3S lingakhale poyambira pabwino, koma popeza kuligula n'kuwononga ndalama pa chinthu chimene mudzachisiya mukazolowera, ndikuona kuti malangizo ochepetsa throttle pa rimoti ndi okwanira. Ma ESC ambiri alinso ndi malo osinthira mphamvu ya ponyamuka, imene amaitcha punch. Itsitseni, chifukwa ponyamuka ndi pamene ma amp amakwera kwambiri ndiponso pamene magiya amathyoka.

Wongoyamba

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse awiri. Masamu a ma Wh andimveketsa bwino nkhaniyi. Ndayeza zipindazo ndipo ndapeza kuti batire lotalika kupita m'mwamba kuposa mamilimita 30 silingalowe, choncho la 4S la chikwama cholimba silingatheke ndipo nditsatira njira ya series. ESC yanga ilidi ndi mapulagi awiri olumikizidwa kale monga mwanenera.

Mafunso ena atsala. Kodi 50C imene yalembedwa pa mabatire anga ikukwanira pa galimoto yolemera chonchi, kapena ndifunika a 100C? Mabatirewa ali ndi mapulagi a Deans pomwe ESC ili ndi a EC5, ndiye ndigule timawaya tosinthira kapena ndichite kuwotcherera mapulagi ena? Tchaja yanga ndi ya 50W ya khomo limodzi, ndipo ndikufuna kudziwa ngati ndingatchaje mabatire awiriwo nthawi imodzi. Pomaliza, mnzanga wina akufuna kundipatsa mabatire awiri a mtundu wina wotchedwa NiMH, a maselo 7 lililonse, ndipo ndikuganiza zowasunga kuti azindithandiza a LiPo akatha.

WaMpikisano

Ndiyankhapo za C, za mapulagi ndi za NiMH, ndipo za tchaja ndisiyira ena.

Pa pepala, nambala ya C imachulukitsidwa ndi ma Ah kuti mupeze ma amp amene batire lingapereke mosalekeza. Batire la 5Ah la 50C likulonjeza ma amp 250, ndipo la 100C likulonjeza 500. Taganizirani za mawaya amene atuluka m'batire lanulo, omwe mwina ndi a saizi ya 12AWG kapena 10AWG, ndipo muona nokha kuti sangapirire ma amp 250 kwa nthawi yaitali, ndiye kuli bwanji 500. Makampani sayeza nambala imeneyi m'njira imodzi yogwirizana, choncho 50C ya kampani ina ikhoza kuposa 100C ya kampani inzake. Kumbukiraninso kuti series siwonjezera ma amp amene mabatire angapereke, chifukwa ma amp onse amadutsa mu lililonse. Ngakhale zili choncho, galimoto ya 1/8 yoyendetsedwa pongosangalala siifuna ma amp oyandikira manambala amenewa kupatula pa kamphindi konyamuka, ndiye mabatire abwino a 50C akukwanira.

Chimene chingakuuzeni zoona za mabatire anu si chizindikiro cha pachikwama koma zinthu ziwiri zimene mungayeze nokha. Choyamba ndi kutentha kwake mukangomaliza kuyendetsa. Batire la LiPo lisadutse madigiri 60, ndipo ngati likutuluka lofunda chabe ndiye kuti silikuvutika. Chachiwiri ndi IR ya selo lililonse, ndiko kuti kukana kwa mkati mwa selo kumene kumadya mavolti magetsi akamatuluka, komwe matchaja ambiri amakono amaonetsa mu ma milliohm. Popeza mabatire anu agwira kale ntchito pa galimoto ina, yezani maselo onse anayi mabatire ali odzaza komanso ali pa kutentha kofanana. Nambala yeniyeniyo si imene ili yofunika kwambiri, chifukwa tchaja iliyonse imayeza mwa njira yake, koma onani ngati maselo anayiwo akufanana. Selo limodzi likaonetsa nambala yokwera kwambiri kuposa anzake, limenelo ndi limene lidzayambe kugwa mavolti ndi kutentha, ndipo mu series batire lonse limayenda pa mphamvu ya selo lofooka kwambirilo.

Za mapulagi, wotchererani a EC5 pa mabatire onse awiri ndipo musagule timawaya tosinthira. Kawaya kosinthira kamawonjezera malo ena olumikizira pa batire lililonse, ndipo pulagi ya Deans, ngakhale ili yabwino pa 1/10, ndi yaing'ono poyerekeza ndi ma amp a 1/8. Pa saizi imeneyi anthu amagwiritsa ntchito EC5 kapena XT90. Powotcherera dulani waya mmodzi, mumalize kumuwotcherera ndi kumuphimba, kenako mudule winayo. Musadule onse awiri nthawi imodzi, chifukwa mpeni kapena pulayala imene yagwira mawaya awiriwo imalumikiza batire mwachindunji. Musadabwe mukaona kamoto kakuthetheka polumikiza 4S, pakuti ndi ma capacitor a mu ESC, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, amene akudzaza mwadzidzidzi. Pali mtundu wa XT90 wokhala ndi resistor (kachipangizo kochepetsa ma amp) mkati wothetsa kamoto kameneka, koma pa 4S si chinthu choti n'kusinthira mapulagi onse.

Mabatire a NiMH a mnzanu muwalandire mosamala. Selo la NiMH limawerengedwa 1.2V, choncho maselo 14 akupereka 16.8V pa pepala, zomwe zikuoneka ngati zofanana ndi 4S yodzaza. Koma 16.8V ya LiPo ndi ya pamene maselo adzaza mpaka 4.2V lililonse, pomwe selo la NiMH likangochoka pa tchaja limakhala pa 1.4V kapena kuposerapo pang'ono, kutanthauza kuti maselo 14 amayandikira 20V. Werengani m'kabuku ka ESC chiwerengero cha maselo a NiMH amene imaloleza, ndipo ngati yalemba 12 ndiye kuti mabatire awiri a maselo 7 ndi ochuluka. Ngakhale atakhala ololedwa, ndi olemera kwambiri kuposa a LiPo, amagwa mavolti msanga mota ya brushless ikakoka mwamphamvu, ndipo amafuna kuti muzisintha ESC kuchoka pa LiPo kupita pa NiMH. Ngozi ili pobwerera, chifukwa mukaiwala kubwezera ESC pa LiPo ndiye kuti chodulira mphamvu chazimitsidwa ndipo palibe choteteza maselo anu.

Mwanena kuti simuchita mpikisano, koma ngati mudzafune kuyesa tsiku lina, njira imene mwasankhayi siidzakutsekerezani. M'malamulo a mabungwe oyendetsa mipikisano ya magalimoto a rimoti monga IFMAR, ROAR ndi EFRA, magalimoto a magetsi a 1/8 a pa dothi amayendera 4S, magalimoto ambiri a 1/10 amayendera 2S, ndipo a 1/12 amayendera selo limodzi. Mabatire amayenera kukhala a zikwama zolimba, ndipo oyang'anira amayeza mavolti galimoto isanalowe m'bwalo. Mukamadzagula ena mudzaona olembedwa LiHV kapena 7.6V, amene selo lake limatha kudzazidwa mpaka 4.35V. Musaphatikize limodzi lotere ndi la 7.4V, ndipo kumbukirani kuti awiri otere akadzaza amafika 17.4V, zomwe ESC yolembedwa 4S ikhoza kusalola.

MkonziWaMota

Za tchaja, masamu ake ndi omwe aja. Mwachizolowezi batire la LiPo limatchajidwa pa 1C, kutanthauza ma amp 5 pa batire la 5000mAh, ndipo limadzaza pakatha pafupifupi ola limodzi. Batire la 2S likamayandikira kudzaza limakhala pa 8.4V, ndipo 8.4V kuchulukitsa ndi ma amp 5 ndi 42W, choncho tchaja yanu ya 50W ikukwanitsa batire limodzi popanda vuto. Awiri pamodzi akufuna 84W. Kaya muwalumikize mwa series kapena mwa parallel potchaja, tchaja ya 50W idzangochepetsa ma amp, ndipo mudzadikira nthawi yoyandikira maola awiri, yomwe siikusiyana kwenikweni ndi kutchaja limodzi kenako linzake. Popeza phindu lake n'lochepa chonchi, tchajani limodzi limodzi, chifukwa kutero n'kosavuta ndipo tchaja imaona maselo awiri a batire lililonse pawokha. Mukadzafuna kufupikitsa nthawi, yankho ndi tchaja ya makomo awiri yopereka 50W kapena kuposerapo pa khomo lililonse.

Nthawi zonse sankhani LiPo ndi balance pa tchaja, ndipo lumikizani kapulagi koyera ka balance kaja. Tchaja ikakhala pa NiMH imadikira kuti mavolti atsike pang'ono, chomwe ndi chizindikiro chakuti selo la NiMH ladzaza, koma selo la LiPo silipereka chizindikiro chimenecho ndipo limapitiriza kulandira magetsi mpaka kutupa kapena kuyaka. Tchajirani pamalo osayaka moto, m'thumba losagwira moto lopangidwira ntchitoyi, inuyo muli pafupi. Batire limene langochoka m'galimoto lizizire kaye, ndipo lotupa kapena lophwanyika chikwama lisatchajidwenso. Ngati simuyendetsa kwa masiku angapo, musasiye mabatire ali odzaza kapena otheratu. Gwiritsani ntchito storage pa tchaja, imene imaika selo lililonse pa 3.8V kapena 3.85V.

Mabatire awiriwa muwalembe chizindikiro chimodzi ndipo kuyambira tsopano aziyenda pamodzi nthawi zonse. Mukamabwereka limodzi kukaika m'galimoto yaing'ono, lidzakalamba kuposa linzake, ndipo vuto lija la 4000mAh ndi 5000mAh lidzabwera pang'onopang'ono ngakhale manambala a pazikwama akufanana.

Pa ESC, ikani malire odulira mphamvu pa 3.4V pa selo m'malo mwa 3.2V. Mudzataya kanthawi kochepa kwambiri, chifukwa mavolti a LiPo akatsika kufika pamenepo amakhala atayamba kale kugwa mofulumira, koma mudzapereka mpata kwa selo limene lingakhale lofooka pang'ono kuposa anzake. Pali chinthu chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa. Ma ESC ambiri amawerenga okha chiwerengero cha maselo poona mavolti pa nthawi imene mwalumikiza. Batire la 3S lodzaza lili pa 12.6V, ndipo 4S yotha ili pafupi ndi pomwepo, choncho mukalumikiza mabatire otha ESC ikhoza kuganiza kuti ndi 3S n'kutsitsa malire odulira. Lumikizani mabatire odzaza okhaokha, mvetserani kuti ESC yalira kanayi ngati ili ya mtundu wowerenga maselo ndi kulira, ndipo ngati imalola kuika chiwerengerocho pamanja, ikani 4.

Pa ulendo woyamba musasinthe pinion imene inabwera ndi galimoto. Yendetsani mphindi 5, imani, ndipo muyeze kutentha kwa mota ndi ESC ndi kachipangizo koyezera kutentha kongolozetsa. Mota ikadutsa madigiri 75 chotsani mano awiri pa pinion n'kuyesanso, chifukwa maginito a mkati mwake amafooka akatenthedwa kwambiri ndipo sabwereranso mwakale. Udzu umalemetsa galimoto kuposa dothi louma, choncho muyeso umenewu muuchitire pa udzu. ESC ikadula mphamvu, yezani selo lililonse musanatchaje ndipo muone ma mAh amene tchaja ibwezera m'batire lililonse. Onse awiri akamalandira pafupifupi 4000mAh ndipo manambalawo akuyandikana, ndiye kuti mabatirewo akugwirizana bwino, koma limodzi likamatsika mavolti kwambiri kuposa linzake ulendo uliwonse, nthawi yogula awiri atsopano ofanana yakwana.